Ndakweranso Kireni, Ababa

Constanța,
Lamulungu, 26 Novembala 2017

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Chifuwa chija chinaleka? Alamu a Floarea anandiuza pafoni kuti mankhwala munamwa masiku atatu okha, botolo n'kuliimika pawindo, ati mwachira. Ababa, malizani mankhwalawo. Nanga bondo likuti bwanji ndi kuzizira kwayambaku? Ine kuno ndili bwino, kungoti manja ang'ambikanso ndi sopo wa kochapira.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni timangokuwirana. Inu mumati "ati chiyani?", ine n'kubwereza, mpaka anthu a chipinda chinacho amva nkhani yonse inu musanatolepo kanthu. Iyi ndikufuna muimve yonse, ndiye valani magalasi mukhale pansi.

Ndapeza ntchito. Ndikubwerera pa kireni, kukanyamulanso katundu wolemera m'mwamba.

Zaka zisanu ndi ziwiri zatha chitsekereni fakitale yathu ya zitsulo, ndipo zaka zonsezo ndakhala ndikuchapa ndi kusita nsalu zapabedi za anthu obwera kudzasambira m'nyanja. Sindinakuuzeni kuti chaka chatha ndinapita kukakonzetsa chiphaso changa choyendetsera kireni. Ndinkaopa kuti muziyembekezera, kenako osaona kanthu. Makalata ofunsira ntchito ndinatumiza ambiri. Ena ankangoona kuti ndine mkazi wa zaka 47, basi nkhani yathera pomwepo.

Mwezi watha kampani ina yaing'ono ya kudoko, yopakira zitsulo ndi matabwa, inandiitana ku intaviyu. Ndinabwereka jekete ya Nermin, mnzanga uja timagona nyumba imodzi ndiponso timachapa limodzi ku hotela. Inandithina m'mapewa moti sindikanatha kukweza mkono, koma iye anati bola ndithinidwe kusiyana n'kupita ngati ndikukagula kabichi.

M'chipindamo munali anthu awiri. Wina anali mtsikana wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, Mayi Căpraru, waulemu wake koma maso ali pa kompyuta. Winayo anali kapitawo wa pabwalo lopakirira katundu, Bambo Stere, wamkulu ndithu, wa nsidze zambiri, wosadziwa kumwetulira. Mafunso oyamba ndinayankha bwino. Anandifunsa za mabuleki, za mphepo, za zizindikiro za manja. Zonsezo zili m'magazi, mukudziwa.

Kenako Bambo Stere anakoka pepala n'kujambula. Katundu wa matani anayi, zingwe ziwiri, chilichonse cholembedwa matani atatu, koma zotang'adza kwambiri, ngowe ili pafupi ndi katundu. Anafunsa ngati ndinganyamule. Nthawi yomweyo foni ya mtsikana uja inalira, jekete ikundifinya, ine mutu unangothamangira kuwonkhetsa: atatu ndi atatu, asanu ndi imodzi, katundu ndi anayi okha. Ndinati ndinganyamule.  Bamboyo analemba kenakake pakona pa pepala n'kulitembenuza.

Ine osadziwa kuti ndadziponda ndekha, ndinapitiriza mosangalala. Pomaliza anafunsa ngati ndili ndi funso. Nermin anali atandikhomerera m'mutu kuti pamenepa munthu sati ayi, chifukwa amaoneka ngati wangoperekeza wina. Ndiye ndinafunsa kuti omanga katundu pansi ndi angati, ndipo akhala limodzi nthawi yaitali bwanji. Anati ndi anayi, awiri akale, awiri atsopano. Ndinafunsanso ngati hita ya m'kachipinda ka woyendetsa imagwira ntchito.

Apa nsidze zija zinakwera. Anati anthu onse amene anakhala pampando umenewo anafunsa za malipiro ndi tchuthi, wa hita ndine woyamba.

"Ndiye kuti munakhalamodi m'mwambamo, mayi," anatero.

Ndinayankha kuti zaka khumi ndi zinayi, ndipo zala zikauma ndi chisanu katundu sakumvera. Anavomera kuti hitayo imagwira ikafuna.

Chotsiriza ndinafunsa kuti yankho lituluka liti, ndipo ndikapanda kumva kanthu ndiyimbire ndani. Mayi Căpraru anati masiku khumi, n'kundipatsa kakhadi kokhala ndi nambala ndi imelo yawo. Ndinawauza onse awiri, ndikuwayang'ana m'maso, kuti ntchitoyi ndikuifuna ndipo ndikuidziwa. Tinagwirana chanza. Ndinatuluka pageti ndikuyenda ngati ndavina kale ukwati.

Chimwemwecho chinatha pa siteji yachitatu ya basi. Tinaima pa maloboti, ndipo ndinaona amayi awiri akuoloka msewu atagwirizana chikwama chachikulu cha mbatata, wina chogwirira ichi, wina icho. Pakati pawo panali chithaphwi, ndiye anatalikirana, mikono n'kutambasuka, onse awiri n'kuyamba kupepesuka ngati chikwamacho chalemera kawiri. Mtima wanga unangoti phwii. Zingwe zikatang'adza choncho, chilichonse chimasenza ngati chili chokha. Matani anayi pa chingwe cha matani atatu. Ababa, inu amene munamanga katundu pansi pa kireni zaka makumi atatu, inu amene munandiphunzitsa zimenezi ndi ulusi ndi ndowa pakhonde ndisanathe n'komwe sukulu, mwana wanu anauza kapitawo kuti anganyamule.

Ndinafika kunyumba nkhope ili pansi. Nermin anali akukazinga anyezi, ndipo atamva anati ndisapange phokoso. Maganizo ake anali akuti ndilembe kaimelo kothokoza basi, mwina bamboyo sanaimvetse bwino, kapena aiwala.

"Iwe, unaonapo munthu akuthamangira wapolisi kukamuuza kuti bwana, mwaiwala kundigwira?"

Ndinamuuza kuti munthu wa nsidze ngati zija saiwala kanthu. Iye anati ndiye bwanji ndikamukumbutse za bala lomwe akuliona kale. Tinakangana mpaka anyezi anapserera, iye n'kunena kuti anthu a kumapiri tili ndi mitu ngati miyala yathu yomwe, ine n'kumubwezera kuti a kunyanja amangotsata kumene mphepo yaloza. Tinadya buledi ndi tchizi.

M'mawa mwake, pa nthawi ya tiyi, ndinakhala pa mulu wa matawulo n'kulemba pafoni. Ndinafufuta kanayi. Zimene ndinatumiza zinali zochepa. Ndinathokoza chifukwa chondilandira. Ndinati funso la zingwe ndinayankha molakwa, yankho lake ndi lakuti sindinganyamule, ndipo ndingauze omanga kuti abweretse zingwe zazitali kapena zolimba kuposa zija. Ndinati ndalemba chifukwa bambo anga anagwira ntchito pansi pa ngowe moyo wawo wonse, ndipo sindifuna kuti munthu aliyense aziganiza kuti ine ndingakweze katundu wotero pamwamba pa mutu wa bambo a wina. Ndinamaliza ndi kunena kuti ntchitoyo ndikuifunabe. Ndinajambulanso zingwezo kuseri kwa kapepala ka kochapira, momwe ziyenera kukhalira, n'kutumiza chithunzi chake.

Kenako kudikira. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono iyi inalowa m'chigoba n'kutseka chitseko. Foni ndinkaiika m'thumba la epuloni, ikangonjenjemera ndasiya simbi pansalu. Pilo mmodzi ndinamuwotcha, mpaka pano ali pansi pa bedi langa. Masiku khumi anakwana Lachisanu, kuli zii. Ndinapirira Loweruka ndi Lamulungu, Lolemba n'kuimba. Mayi Căpraru anati sanamalize kusankha, ndiyesenso sabata yamawa. Nermin anati ndikaimbanso andiyesa nkhupakupa. Ndinati iwo ndi amene anena sabata yamawa, si ine.

Lolemba linalo ndinaimba. Mtsikanayo anapepesa mwaulemu n'kundiuza kuti malowo apatsa munthu wina. Ndinathokoza, n'kupempha kuti dzina langa alisunge. Ndisanadule ndinafunsa ngati Bambo Stere anaiona imelo yanga ija. Ndinamva akugogoda pa kompyuta, kenako anati maimelo othokoza amabwera ambiri ndipo amangowasunga m'faelo, kapitawo sakhala pa kompyuta, amakhala pabwalo. Sanachite mwankhanza, ndi mmene amagwirira ntchito.

Tsiku limenelo ndinalira, Ababa, sindibisa. Ndinalowa m'kachipinda kosungira mabulangeti n'kulira bwinobwino. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri sichinali ntchito yapitayo. Chinali chakuti mumzinda muno muli munthu mmodzi wodziwa za kireni, ndipo munthu ameneyo akuyenda akudziwa kuti mwana wa Sabin Ardeu sadziwa kumanga zingwe.

Lachinayi ndinali pa ofu. Ndinakopera mawu omwe aja papepala ndi cholembera, ndi chojambula chomwe, n'kuika mu envelopu. Pansi ndinawonjezera mzere umodzi, kuti ndamva kuti malo adzaza ndipo sindikudzadandaula, ndikungofuna adziwe yankho langa lenileni. Ndinakwera basi mpaka kudoko. Mlonda wa pageti anati popanda chiphaso sindilowa. Ndinati sindikufuna kulowa, ndikufuna envelopuyi ifike m'manja mwa Bambo Stere, osati ku ofesi. Anaitembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati ndi kalata yachikondi, poti mkazi wa a Stere ndi woopsa kuposa a Stere amene. Ndinati ndi ya zingwe. Anati pa zaka zake zonse pageti sanamvepo dzina limenelo la chikondi, koma aipereka.

Nermin anati tsopano ndapenga kotheratu, koma madzulo ake anandiphikira tiyi wa maluwa a mtengo wa linde n'kundisiyira theka la keke yake.

Lolemba lapitali, ndili mkati mopinda nsalu, foni inalira, nambala yachilendo. Sanapereke moni n'komwe.

"Mayi a hita aja ndinu?"

Ndinati ndine.

"Matani anayi, zingwe za matani atatu, zotang'adza. Munganyamule?"

"Sindinganyamule, bambo."

"Mwatenga masabata anayi kuti muyankhe. Lachitatu seveni koloko mubwere ndi nsapato zolimba."

Anadula. Ndinakhala ndili chiimire, foni kukhutu, mpaka Nermin anandilanda nsalu m'manja kuti ingagwe pansi ponyowa.

Lachitatu kunali mphepo yochokera kunyanja, yolowa mpaka m'mafupa, koma yosafika poletsa ntchito. Bambo Stere anandidikira pageti n'kundipatsa chisoti. Tikuyenda anandiuza mmene zinalili. Pa anthu asanu amene anawafunsa funso lija, atatu tinalakwa. Malo anapatsa mmodzi mwa awiri okhoza, ndipo akugwira bwino. Koma woyendetsa wina wakale akupuma kumapeto kwa chaka, maso ayamba kumuvuta, ndipo iwo anali asanauze ofesi kuti ilengeze. Anati pa atatu olakwa aja, awiri mpaka lero sakudziwa kuti analakwa, kapena akudziwa koma angoti zii. Anati munthu wosalakwa sanamuonepo pabwalo limenelo, amene amamuopa ndi uja amalakwa n'kukhala chete, chifukwa ameneyo tsiku lina amakwiriritsa mnzake. Atatero anandiloza makwerero n'kuti zolankhula zatha, akufuna aone manja.

Makwererowo ndi aatali, Ababa, ndipo maondo anga si a kale aja. Pakati ndinaima ngati ndikuyang'ana nyanja, chonsecho ndikupezera mpweya. Nditalowa m'kachipinda muja fungo linandilandira, la girisi ndi chitsulo chozizira ndi fodya wakale, lomwe lija la kwathu. Woyendetsa wopumayo, a Dumitrache, anandisunthira pampando n'kuima kumbuyo kwanga. Zogwirira za kireniyo ndi zatsopano, zazing'ono ngati za masewera a ana, sizifuna mphamvu ngati zathu zija. 

Pansi anamanga mpukutu wa chitsulo woti ukwere pa lole. Ndinayang'ana zingwe kawiri, mwina katatu. Womanga anakweza dzanja, ine n'kunyamula pang'ono, kuimitsa, kuona ngati wakhala bwino, kenako n'kukweza. Poyendetsa ndinafulumira, katundu n'kuyamba kulendewera uku ndi uku. Ndinamva a Dumitrache akukoka mpweya kumbuyo kwanga. Pamenepo mutu unasiya kuganiza, dzanja linakumbuka lokha. Ndinautsatira katunduyo kumene unkapita, n'kuugwira pamwamba pake, n'kuima nji, ngati wakhomedwa ndi msomali m'mlengalenga. Ndinautsitsa pa lole pang'onopang'ono moti dalaivala, yemwe ankamwa khofi atatsamira chitseko, sanadziwe kuti katundu wake wafika mpaka womanga anamugwedeza phewa.

Ndinanyamula isanu ndi umodzi. Wachitatu ukutsika ndinaona kuti omanga aja asiya kuyang'ana kumwamba ndi mantha, angoyamba kugwira ntchito yawo n'kumacheza. Inu mukudziwa tanthauzo lake kuposa ine. A Dumitrache anatulutsa apulo m'thumba, n'kulidula pakati ndi kampeni, theka n'kundipatsa. Anati mpandowo uli ndi mbali imodzi yotsika, ndizibwera ndi kapilo.

Nditatsika Bambo Stere anali ataika manja m'matumba. Ndinkayembekezera mawu aakulu. Anangoti woyamba uja ndinathamanga. Ndinavomera. Anati ndiyambe pa 4 Disembala, mwezi woyamba ndizikhala ndi a Dumitrache, Januwale kireniyo ndi yanga. Ku ofesi Mayi Căpraru anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti imelo ija aipeza ndipo aiwerenga, pepani. Ndinati palibe kanthu. Malipiro ndi abwino kuposa a ku hotela, ndipo ntchito ndi ya chaka chonse, osati kudikira alendo a m'chilimwe.

Nermin anandidikira pa siteji ya basi, atathawa kuntchito ati dzino likumuwawa. Atangoona nkhope yanga anayamba kundimenya ndi chikwama pamsewu, anthu akuona. Tsopano akuuza aliyense ku hotela kuti nzeru yolemba kalata inali yake. Ndamusiya, jekete inali yake ndithu.

Zovuta zing'onozing'ono sizisowa. Madzi otentha m'nyumba muno akubwera tsiku lina, lina ayi, ndipo mwini nyumba amangoti mawa. Abwana a kochapira anakwiya kuti ndikuchoka nyengo ya maphwando ikuyandikira, masiku awiri sanandiyankhe moni. Nsapato zolimba ndinagula zazikulu, ndikuvala masokosi awiri. Mdzukulu wanu Ilinca ndinamuimbira ku Timișoara, ali bwino, ntchito ya kuchipatala ikumutopetsa koma akulimba. Anakuwa pafoni mpaka mnzake anabwera kudzaona ngati kwagwa maliro.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Ku ofesi akufuna buku langa lakale la ntchito, lija la chikuto chobiriwira, kuti zaka khumi ndi zinayi zija zilowe m'mafaelo awo. Akulifuna pasanafike pa 15 Disembala. Bukulo silili kwanu. Linatsala kwa a Marinel, bambo ake a Ilinca, m'kabati ya kuchipinda, m'chitini cha mabisiketi pansi pa matawulo, ngati sanasunthe zinthu. Tsiku lomwe ndinachoka m'nyumba ija ndinatenga mwana ndi sutikesi imodzi, za mapepala sindinaziganize.

Ndikudziwa kuti chichokereni ine simunapondeko pakhomo paja, ndipo munalumbira kuti simudzapondako. Koma ndikupempha inu, osati achimwene a Horia, chifukwa iwo akapita kukakhala ndewu, bukulo n'kuthera mu mbaula. Inu a Marinel amakuopani mpaka lero. Mupite m'mawa, cha m'ma naini, asanayambe kumwa. Musalowe nkhani zakale, musakhale pansi, akakupatsani kapu mukane. Mukalitenga mupatse alamu a Floarea alitumize ndi dalaivala wa basi ya Lachinayi yochokera ku Deva, ine ndikalidikira ku depoti.

Poyamba ndinaganiza zoti muwabisire chifukwa chake, munene kuti ndi za penshoni. Ndasintha maganizo. Munthu uja, fakitale itatsekedwa, anandiuza pamaso pa anzake kuti kumwamba ndatsikako basi, malo anga tsopano ndi pansi ndi chikolopa, ndipo anzakewo anaseka. Sindinakuuzenipo zimenezi. Ndiye akafunsa kuti bukulo ndi la chiyani, muwauze zoona. Muwauze kuti Doinița akuyendetsa kireni kudoko la Constanța, akupakira zitsulo zopita kunja. Munene mokweza mmene mumalankhuliramo, kuti ndi a nyumba yoyandikana amve. Mukatero muvale chipewa chanu muzipita.

Khirisimasi ino sindibwera, poti ndidzakhala ndangoyamba kumene ndipo sindifuna kupempha tchuthi mwezi woyamba. Nkhumba muphe ndi achimwene, inu muzingolangiza, mpeni muwasiyire. Pasaka ndidzabwera ndi Ilinca, Mulungu akalola.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Horia ndi alamu a Floarea, muwathokoze chifukwa chokusamalirani. Moni kwa azakhali a Safta, muwauze kuti mpango anandilukira uja ndi umene ndinavala pokwera makwerero. Moni kwa amalume a Iosif ndi ana awo onse, ndi kwa anzanu a pabenchi ya kutchalitchi, makamaka aja munkamanga nawo katundu. Amenewo muwawerengere kalatayi ngati mukufuna, koma za basi ndi chikwama cha mbatata mudumphe. Mukapita kumanda Loweruka muwayatsire amayi kandulo m'dzina langa, muwauze kuti mwana wawo wasiya kuchapa nsalu za eni.

Khalani bwino, Ababa. Ndikupsompsona dzanja lanu.

Ndine mwana wanu,
Doinița